Khoma la pamsika wathu: mmene tidasonkhera ndalama ya utoto

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, ndikulemba kuchokera kuno ku Angónia. Chiikireni zithunzi za khoma la pamsika wathu, funso limene ambiri mwakhala mukundifunsa ndi limodzi: ndi bungwe liti lidakupatsani ndalama? Palibe bungwe. Tidasonkha tokha. Koma kuseri kwa yankho lalifupili kuli miyezi isanu ndi iwiri ya misonkhano, mikangano ndi kuwerenga makobidi pamphasa. Ndiye lero ndati ndifotokoze mwatsatanetsatane, kuti amene mukufuna kuchita zotere kwanuko mudziwiretu pamene pali minga.

Ndiyambe ndi chimene chidatitengera kukhomako. Tsiku lina mudzayende m'tauni yanu ndi maso a mwana wa kalasi yachiwiri amene wangoyamba kulumikiza zilembo. Mwana wotere amafuna kuwerenga chilichonse: chikwangwani, thumba la feteleza, malaya a munthu amene ali patsogolo pake. Kwathu kuno apeza Farmácia, Mercearia, Barbearia, Vende-se. Apeza makoma opakidwa mitundu ya makampani a mafoni. Pa katundu wochokera ku Malawi apeza Chingerezi. Chinyanja chimene ine ndimamuphunzitsa kuwerenga m'mawa uliwonse sachipeza paliponse, kupatula m'buku la nyimbo la kutchalitchi ndi mawu achipongwe olembedwa ndi khala kuseri kwa chimbudzi. Palibe amene amamuuza kuti chilankhulo cha amayi ake n'chosayenera pakhoma. Amadzionera yekha.

Chodabwitsa n'chakuti Chinyanja si mlendo m'sukulu za dziko lino. Pamene boma lidayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa ntchito ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, zilankhulo zimene zidasankhidwa zidali ziwiri zokha: Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunzirowa adalowa m'ndondomeko ya dziko lonse, ndipo Malamulo Aakulu a 2004, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zilankhulo zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Zonsezi zili m'mapepala. Makoma a m'tauni mwathu sadazimvebe.

Ku institutu adatiphunzitsa kuti kalasi izidzaza ndi mawu: zilembo pakhoma, mayina a zinthu, nthano zazifupi. Timayesetsa. Koma kalasi yanga ilibe chitseko cholimba, ndipo pepala limene wamata Lolemba, pofika Lachisanu mphepo, chiswe kapena mbuzi zagawana. Pa msonkhano wa aphunzitsi a ZIP yathu, pokonzekera tsiku la chilankhulo cha amayi la pa 21 Febuluwale, mnzathu wina adati, "Bwanji mawuwo tikawalembe ndi utoto pamalo poti tauni yonse izidutsapo?" Tonse tidaganiza za khoma limodzi, lija la msika loyang'ana poimira machapa, lalitali, lotuwa, long'ambika m'munsi.

Munthu woyamba kutiwongola adali gogo wina wa mu konselyu ya sukulu. Titamufotokozera adaseka, nati, "Aphunzitsi, inu mumalandira pakutha pa mwezi, n'chifukwa chake simuyang'ana m'nkhokwe. Febuluwale ndi mwezi wopempha ndalama?" Adanena zoona. Febuluwale ndi nthawi imene ufa watha m'nyumba zambiri, chimanga chili m'munda chisanakhwime, ndipo makolo angomaliza kugula makope ndi yunifolomu. Tidagwirizana kuti miyezi itatu yoyamba ikhale yongolankhula: kwa anyakwawa, kwa atsogoleri a mipingo, kwa amayi a pamsika, kwa anyamata a kabaza. Kusonkha kuyambe mu Juni anthu atakolola, ndipo kujambula kuchitike mu Seputembala, khoma litauma, mvula isanayandikire. M'miyezi yomweyo tidalemba rekerimento yopempha chilolezo kwa oyang'anira msika ndi akuboma, ndipo chidindo chidatuluka tisanatolere ngakhale kobidi limodzi.

Kulankhulako kudatiululira chinthu china. Anthu sadali kukana chithunzi. Ankaopa chopereka. Zaka zingapo zapitazo kudasonkhedwa ndalama za chinthu china m'tauni muno, ndipo mpaka lero chinthucho sichidaoneke, ndalamazo osamvekanso. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Tidaona kuti aphunzitsi tikagwira thumba tokha, ntchito ithera pomwepo. Msungichuma adasankhidwa ndi amayi a pamsika: mayi wogulitsa tomato, amene sukulu adalekezera kalasi yachitatu, koma wakhala akusunga ndalama za chipereganyu cha anzake, chija ena amati xitiki, kwa zaka zambiri popanda kusowa metikali imodzi. Ine ndidapatsidwa kope ndi cholembera. Ndalama kwa iye, kulemba kwa ine, ndipo aliyense wa ife sankakhudza za mnzake.

Tidaika malamulo atatu. Loyamba: mwana asapemphedwe kanthu, ndipo pasapezeke mwana wobwezedwa pakhomo la kalasi chifukwa kholo lake silidasonkhe. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo khoma silidali la sukulu. Lachiwiri: chilichonse chimene munthu wabweretsa chilandiridwe ndi kulembedwa. Lachitatu: tsiku lililonse la msika waukulu kope liwerengedwe mokweza, m'Chinyanja, patsinde pa khoma lomwelo, ndipo chiwerengero chonse chilembedwe ndi choko pakhomapo kuti aliyense wodutsa achione.

Lamulo lachiwiri ndi limene lidadzaza kope. Makobidi a 5 ndi a 10 adabwera, mapepala a 20 ndi a 50 adabweranso, koma zambiri zidabwera pamutu ndi panjinga: ndowa za nyemba, matumba a mbatatesi, chimanga, nkhuku ziwiri. Bambo wina adapereka ngolo yake ndi ng'ombe zake kuti zitute mchenga kudambo. Mmisiri womanga nyumba adati ming'alu ya khoma amata yekha, ife tingogula simenti. Anyamata a kabaza adapangana kuti aliyense apereke ndalama ya ulendo umodzi. Ena adabweretsa makwacha, poti kuno kufupi ndi malire ndalama ziwirizi zimayendera limodzi m'thumba. Ana a m'tauni muno amene ali ku Tete, ku Moatize ndi ku Beira adatumiza pa M-Pesa ndi pa e-Mola, ndipo a ku Joni adatumiza kudzera mwa abale awo.

Apa m'pamene nzeru za msungichuma wathu zidaonekera. Mbatatesi adagulitsa sabata yomweyo, ngakhale mtengo udali wotsika, poti mbatatesi siidikira munthu. Nyemba adazithira mankhwala n'kuzisunga mpaka Ogasiti, mtengo utakwerako. Makwacha ankawasintha msanga, osalola kuti agone m'thumba n'kuchepa mphamvu. Zinthu ngati zimenezi ku institutu sitidaphunzire. Ndipo powerenga kope sitinkayamba ndi amene wapereka zambiri. Tinkatsata midzi ndi mabairo, kotero kuti dzina la gogo wa mazira atatu linkamveka pakati pa dzina la mwini sitolo ndi la mphunzitsi wamkulu. Sabata yachitatu anthu adayamba kubwera kudzangomva mayina awo. Wina akadumphidwa ankakweza dzanja pomwepo, ife n'kukonza anthu onse akuona.

Si onse amene adakondwa. Pa kuwerenga kwina bambo wina, amene ana ake awiri ndidawaphunzitsa, adaimirira nati, "Aphunzitsi, ana athu akukhala pansi m'kalasi, chimbudzi cha atsikana chatsala pang'ono kugwa, inu mukusonkhetsa ndalama ya maluwa a pakhoma?" Pamsika padati zii. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo aliyense amene akufuna kuchita zimene tidachitazi alikonzekere. Ndidamuyankha kuti ndalama ya utoto ingagule madesiki owerengeka chabe, osakwana ngakhale kalasi imodzi, ndiponso kuti madesiki tikupitiriza kuwapempha kumene ayenera kuchokera. Ndidamuuzanso kuti khomalo ndi buku limene silidzatsekeredwa mu kabati. Sadakhutire. Sadapereke kanthu, ndipo mpaka lero tikakumana amandikumbutsa za chimbudzicho. Msonkhano udagamula kuti chotsala chilichonse chipite kuchimbudzi cha atsikana, ndipo mawu amenewa adalembedwa m'kope chifukwa cha iye.

Yesero lalikulu lidabwera mu Julayi, choko chikuonetsa kuti tili pakati chabe pa ndalama yofunika. Wamalonda wina adatuma uthenga kuti ali wokonzeka kulipira zonse zotsala, utoto ndi mmisiri yemwe. Pempho lake lidali limodzi: dzina la sitolo yake lilembedwe ndi zilembo zazikulu pamwamba, ndipo mawu onse akhale m'Chipwitikizi, kuti, monga adanenera, khoma lioneke la m'tauni. Kunena zoona, ena mwa ife mtima udagwedezeka. Tidali titatopa, kuzizira kwa Julayi kuli pachimake, ndipo zopereka zidali zitayamba kuchepa. Nkhaniyi tidaitengera kukhoma pa tsiku la msika, monga tinkachitira ndi zonse. Msungichuma ndi amene adaidula. Adati, "Nyemba zanga ndi za anzangawa zili kale m'khomamo. Akafuna, abweretse zake tilembe m'kope ngati wina aliyense. Koma khoma logula ndi nyemba zathu lilankhule zoti ife timve." Anthu adaombera m'manja. Wamalondayo, kumuchitira chilungamo, patapita masiku adatumiza zitini ziwiri za utoto, ndipo dzina lake lidawerengedwa pamzere wa bairo lake.

Pamenepa m'pamene ndidamvetsa chimene kusonkha kumachita. Bungwe likadabwera ndi ndalama, likadabweranso ndi chithunzi chake ndi uthenga wake, ife n'kuvina pa tsiku lotsegulira. Zikadatha m'masabata awiri. Koma munthu amene wapereka ndowa ya nyemba amakhala ndi pakamwa pa nkhaniyo, ndipo amapagwiritsa ntchito. Kuchedwa kwathu konse kudachokera pamenepa, ndipo ubwino wa khomalo udachokeranso pomwepa.

Chojambula tidakangana misonkhano itatu. Achinyamata ena ankafuna Gule Wamkulu, ponena kuti ngakhale UNESCO idamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Akuluakulu a kudambwe adati zilombo sizijambulidwa pakhoma la msika ngati malonda a sopo. A mipingo ina adakananso, pa zifukwa zawo. Angoni adati, nanga chishango chathu ndi ngoma? Pomaliza adagwirizana pa ng'oma zitatu ndi chishango pambali pake, popanda nkhope ya chilombo. Mbali yaikulu ya khoma idapita ku zimene palibe adatsutsa: munda wa chimanga ndi nyemba, amayi akukumba mbatatesi, ngolo, nkhokwe, mtondo ndi munsi, phiri kumbuyo, ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, atagwira buku limodzi.

Mmisiri tidamupeza pomwepa, mnyamata amene amalemba zikwangwani za mabarbearia ndi magolosale. Ndidamuonetsa pafoni zithunzi za makoma amene Malangatana adajambula ku Maputo, nkhope zothithikana ndi mitundu yoyaka ija. Adaziyang'ana nthawi yaitali, nati iye sangafike pamenepo, koma ng'ombe amaidziwa bwino. Adatiuzanso kuti chiyambire ntchito yake palibe amene adamupemphapo kulemba liwu la Chinyanja. Iye ndi amene adatichenjeza kuti njereza ndi yotsika mtengo koma mvula yoyamba idzaitsuka, ndiye tilimbe mtima tigule utoto weniweni wa panja, ndipo simenti yatsopano tiipatse masabata angapo kuti iume tisanapake. Mphepete mwa chithunzi adasiyira amayi, amene chaka ndi chaka amazira ndi kukongoletsa nyumba zawo ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Mizere ndi timadontho timene mukuona m'mbalimo ndi manja awo. Kujambula pakhoma si mwambo wobwereka. Kungodumpha malire, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli zojambula za m'mapanga zimene UNESCO idaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa izo adajambula ndi amayi a Chichewa pa chinamwali.

Mkangano womaliza, umene inu aphunzitsi anzanga muudziwa bwino, udali wa chilembo chimodzi. Tidafuna kuti chinthu chilichonse pachithunzi chikhale ndi dzina lake. Nanga tilembe chimanga kapena cimanga? Mabuku a ana athu amatsata kalembedwe kamene akatswiri a zilankhulo za dziko lino adagwirizana pa misonkhano ya 1988, 1999 ndi 2008, ndipo mmenemo timalemba Cinyanja, cimanga. Koma anthu ambiri kuno adazolowera kalembedwe ka ku Malawi, chifukwa cha mabuku ndi manyuzipepala a kumeneko, ndiponso chifukwa ambiri adaphunzira konko pa nthawi ya nkhondo. Ngakhale ine pano mukuona kuti dzanja langa lalemba ch. Wina adati c yekha ndi kalembedwe kolakwika ka aphunzitsi a masiku ano. Mkulu wina wa mpingo adapita kunyumba n'kubwera ndi Buku Lopatulika lakale la bambo ake, masamba atachita chikasu, natsegula pamaso pa onse. Monsemo mudali c. Adati, "Ana inu, chilembo chimenechi ndi chachikulu kuposa inu nonse." Anthu adaseka, nkhani n'kutha. Pakhoma tidalemba monga mmene ana amaonera m'mabuku awo, kuti wa kalasi yoyamba asasokonezeke.

Za Chipwitikizi sitidakangane nthawi yaitali. Makolo ena adati mayeso a kutsogolo ndi ntchito zili m'Chipwitikizi, ndiye chisasowe. Ife tidavomera ndi mtima wonse, poti ndi mmene timaphunzitsira: mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene amalota nacho, Chipwitikizi akuchiphunzira pambali, mpaka chidzatenge malo aakulu m'makalasi apamwamba. Pansi pa cimanga pali milho, pansi pa nyemba pali feijão, pansi pa khasu pali enxada, pansi pa mtondo pali pilão. Chinyanja pamwamba, Chipwitikizi pansi, zilembo zofanana kukula. Kufanana kwa zilembo kudachita kuvoteredwa ndi manja.

Kujambula kudatenga masiku khumi ndi awiri. Makwerero tidabwereka kutchalitchi, madzi ankatunga ndi ana a sekondale akaweruka, ndipo amayi a pamsika ankasinthana kuphikira mmisiri nsima. Zitatha, kope lidawerengedwa komaliza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndi malisiti onse a utoto ndi simenti ali pamphasa. Chotsala chidakwana matumba ochepa a simenti, ndipo adapita kumene tidalonjeza. Chimbudzicho sichidathe, koma maziko ake alipo.

Khoma siliphunzitsa mwana kuwerenga. Imeneyo ikadali ntchito yathu, m'kalasi, tsiku ndi tsiku. Chimene ndikuona n'chakuti ana anga a kalasi yachiwiri akatumidwa kumsika amachedwa kubwerera, chifukwa amaima n'kumaloza ndi chala: nkho-kwe, ngo-lo. Ndaonapo mtsikana akuwerengera agogo ake mawu onse kuyambira kumanzere mpaka kumanja, agogowo akuvomera ndi mutu pa liwu lililonse ngati akulandira alendo odziwika. Ndaonanso amuna akuluakulu akudikira chapa, akuyesa chamumtima kulumikiza liwu lapamwamba ndi lapansi. Ndipo palibe amene wamatapo pepala la malonda kapena kukodzapo. Amayi a tomato amene amakhala moyang'anana nalo salola, poti ndi lawo.

Kwa inu amene mukuti muyese kwanu, nazi zimene ndingakuuzeni monga mnzanu. Yang'anani m'nkhokwe musanayang'ane kalendala ya sukulu. Thumba musagwire ndinu aphunzitsi. Lipatseni munthu amene anthu amamukhulupirira kale ndi ndalama zawo. Landirani nyemba ndi nkhuku, ndipo muzilembe ndi ulemu womwewo umene mulembera pepala la 500. Werengani kope poyera, m'chilankhulo cha amene adasonkha. Wotsutsa mumpatse mpata alankhule mpaka amalize, chifukwa nthawi zambiri amakhala atanyamula chinthu chimene inu mwaiwala. Ndipo wina akabwera ndi ndalama yambiri ndi pempho lake, musakayankhire kuseri. Kaitengereni nkhaniyo kwa eni khoma.

Mmisiri watiuza kuti dzuwa ndi mvula ya kuno zidzafwifwitsa mitunduyi pakapita zaka zingapo, ndipo padzafunika kupakanso. Kope lili kwa msungichuma, ndipo masamba ake sadathe. Pa msonkhano wapitawu anthu adapangana kuti tikakolola chaka chamawa tidzalitsegulanso, ndipo choyamba chidzakhala kumaliza chimbudzi cha atsikana. Bambo uja wati ulendo uno ngolo ya mchenga idzakhala yake.